Mphepo Yolowera pa Zenera ndi Mwana Wanu pa Nyengo ya Chisanu

Amayi, sewero limene tinamvera pa wailesi linali la banja lina lokhala kufupi ndi boma la Dedza. Mayi wa m'seweromo anachira mwezi wa Juni, mwana wake woyamba, ndipo anali akadali m'chikuta. Nyumba yawo inali ya njerwa ndi malata, yakalekale. Zenera la kuchipinda linali la matabwa, galasi limodzi losweka, ndipo usiku mphepo inkachita kuliza likhweru polowa pa mpata wa pakati pa felemu ndi khoma. Mukukumbukira zimene ananena apongozi aja: "Mwananga, mphepo iyi itipweteketsa. Mdzukulu wanga sangadwale chibayo ine ndili pompano." Anatenga nsanza natseka pena paliponse, ngakhale tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa zenera. Kenaka analowetsa mbaula ya makala, naiika pafupi ndi mphasa, natseka chitseko. M'mamawa bambo wa mwana, amene anagona pabalaza, anapeza mkazi wake akulephera kudzuka, akusanza, mutu ukuwawa, khanda lili lefu, losafuna bere.

Sewero litatha, pa gulu lathu panabuka mtsutso. Ena anati apongozi analakwa potseka zenera, poti a zaumoyo amatiuza kawirikawiri kuti m'nyumba muzipita mpweya. Ena anati amene akunena zimenezo sanagoneko ku Dedza mwezi wa Julaye. Ndiye mayi wina anafunsa kuti nanga munthu achite chiyani, popeza akatsegula mwana azizidwa, akatseka anthu akomoka.

Apongozi aja sanalakwe potseka mipata ya pa zenera. Imeneyo ndi ntchito yabwino, ndipo ndingakondwe nonse mutaigwira mwezi wa Meyi usanathe. Analakwa pawiri. Anatseka ndi malo omwe opitira mpweya, ndiponso anagoneka anthu ndi moto wa makala m'chipinda chotseka. Cholinga chotsekera mipata ndi chakuti chipinda chifunde chokha, kuti mbaula isafunikenso usiku.

Khanda silizizidwa ngati munthu wamkulu

Thupi la khanda liyenera kukhala pa madigiri 36.5 mpaka 37.5. Likatsika pamenepo, mwana wayamba kuzizidwa, ngakhale inu mukumva bwinobwino m'chipinda chomwecho. Khanda lili ndi khungu lopyapyala, mafuta ochepa pansi pa khungu, ndi mutu waukulu poyerekeza ndi thupi lonse, choncho limataya kutentha msanga. Inu mukazizidwa mumanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumakutenthetsani. Khanda silitha kutero. M'malo mwake limawotcha mafuta apadera amene limabadwa nawo pamsana ndi m'khosi, ndipo potero limamaliza shuga wa m'magazi ndi mphamvu zimene likadakulira. Ndi chifukwa chake mwana wogona pozizira usiku ndi usiku sakwera bwino pa sikelo ngakhale akuyamwa. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5, mafutawa ali nawo ochepa kwambiri. Kwa mwana wotereyu kuzizidwa kungathe kupha.

Kutentha kumachoka m'thupi la mwana akagona pa simenti, akakhala ndi thewera lonyowa, ndiponso akagona pafupi ndi khoma lozizira ngakhale asakulikhudza. Koma imene ikutikhudza pano ndi mphepo. Thupi la mwana limafunditsa kampweya kamene kali pafupi ndi khungu lake. Mphepo yolowa pa mpata imakankha kampweya kofundako n'kubweretsa kozizira, thupi n'kuyambanso kufunditsa, mphepo n'kukankhanso, mpaka kucha. Ndi zomwe zija mumachita pouzira phala pa supuni kuti lizizire. Kampata kongokwana chala kamachita zimenezi kwa mwana wogona moyang'anizana nako.

A Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, la WHO, amalangiza kuti chipinda chobadwiramo mwana chikhale chofunda madigiri 25 kapena kuposa. Tsono yerekezani ndi kwathu kuno. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Kumtunda kwa Ntcheu ndi madera ena a Mzimba kulinso chimodzimodzi. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza yochokera ku Mozambique, imene imatha masiku angapo dzuwa osaoneka.

Kodi mphepo ndiyo imabweretsa chibayo?

Apa tiyenera kumvetsetsana bwino, chifukwa mantha a chibayo ndiwo amalowetsa mbaula m'chipinda. Chibayo sichilowa ndi mphepo ya pa zenera. Chimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapatsirana potsokomola ndi poyetsemula, n'kukakhazikika m'mapapo. Chimene kuzizira kumachita ndi kufooketsa thupi la mwana kuti lilephere kulimbana nato. Ndiponso nyengo yozizira anthu timathithikana m'nyumba zotseka, choncho tizilomboto sitivutika kuchoka kwa wina kupita kwa wina.

Choopsa kuposa mphepo ndi utsi. Utsi wa nkhuni, zitsononkho ndi makala umawononga tinjira ta mpweya m'chifuwa cha mwana, tizilombo n'kupeza polowera. A WHO amanena kuti mwa ana osakwana zaka zisanu amene amamwalira ndi chibayo, pafupifupi theka chimayambitsa ndi utsi wa m'nyumba. Mwaona tsono kuti apongozi aja, pothawa chibayo, anachiitanira pafupi. Chida china cholimba ndi katemera. Kuyambira mu 2011 ana a m'Malawi muno amalandira katemera woteteza ku tizilombo tina toyambitsa chibayo, pa masabata 6, 10 ndi 14. Onani m'buku la mwana wanu ngati analandira katatu konse.

Kupeza pamene mphepo ikulowera

Musayambe ndi kutseka, yambani ndi kufufuza. Sankhani madzulo a mphepo, tsekani chitseko ndi mazenera, nyowetsani kunja kwa dzanja lanu, ndipo muliyendetse pang'onopang'ono m'mbali mwa zenera. Dzanja lonyowa limamva kamphepo kamene dzanja louma silingamve. Mungathenso kulendewetsa kaulusi kapena nthenga ya nkhuku n'kuona pamene ikugwedezeka. Ena amafufuza ndi kandulo kapena koloboyi, koma ine sindikonda zimenezo pafupi ndi katani, neti ndi denga la udzu. Masana imani m'kati zonse zili zotseka. Paliponse pamene mukuona kuwala, mphepo ikupita pomwepo.

Nyengo ino mphepo ya mwera imachokera chakummwera ndi kummawa, choncho mazenera a mbali zimenezo ndiwo oyamba kuwaona. Mukatha, khalani pansi pamene mwana amagona, mumve zimene iye amamva. Mphepo yozizira imayenda pansi, ndipo munthu woimirira kapena wogona pa bedi lalitali sadziwa zimene akumva wogona pa mphasa.

Katsekedwe kake

Mazenera akale amalowetsa mphepo m'malo angapo, ndipo malo alionse ali ndi katsekedwe kake.

Mpata waukulu umakhala pakati pa felemu ndi khoma. Thabwa likanyowa ndi mvula limafufuma, likauma limabwerera, ndipo pakapita zaka limalekana ndi khoma. Nthawi zina ndi chiswe chimene chadya m'kati, ndiye bayani thabwalo ndi msomali. Msomali ukangolowa ngati m'chinangwa chophika, kumata sikuthandiza, pafunika mmisiri. Ngati thabwa lili lolimba, chotsani fumbi ndi dothi logumuka, wazani madzi pa mpatapo kuti dothi latsopano ligwire, ndipo kandani dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono. Mchengawo ndi woti dothi lisang'aluke kwambiri pouma. Mpata ukakhala waukulu, yambani mwakhomeramo tizidutswa ta njerwa. Dothi mulikankhe ndi kamtengo kuti lilowe mpaka m'kati, osangopaka pamwamba, ndipo mumate mbali zonse ziwiri, kunja ndi m'kati. Pakapita masiku awiri mudzaona timing'alu. Bwerezaninso ndi dothi lofewa, monga mumachitira pozira nyumba. Ngati muli ndi simenti yotsala, makapu anayi a mchenga pa kapu imodzi ya simenti ndi okwanira, ndipo imeneyo imakhalitsa zaka.

Mpata wachiwiri uli pamene chitseko cha zenera chimakumana ndi felemu. Apa musamate ndi dothi, musakhomerenso misomali kuti zenera lisatsegukenso, chifukwa zenera limenelo tikulifuna lotsegula masana. Pezani chubu chakale cha njinga kwa okonza njinga pa msika, muchidule malegeni aatali, m'lifupi mwake zala ziwiri. Akhomereni pa felemu ndi timisomali ting'onoting'ono, mozungulira, kuti potseka zenera lizipanikiza mphirayo. Chubu chikasowa, pindani chitenje chakale katatu kapena kanayi, musoke, mukhomere chimodzimodzi. Onaninso kachitsulo kokolera zenera. Kawirikawiri zenera limakhala labwino ndithu, koma kokolera kanaguluka kale, ndiye limangogwedera usiku wonse. Misomali iwiri imathetsa vuto limene mwakhala mukuwothera makala zaka zitatu.

Pa mazenera a chitsulo, vuto limakhala phala lomatira magalasi lija amisiri amalitchula kuti putty. Likakalamba limauma n'kumagwa zidutswazidutswa, galasi n'kumagwedera. Limagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. Palani lakalelo ndi mpeni, pukutani fumbi, kandani latsopano m'manja mpaka lifewe, mulipote ngati chingwe, mulikanikize ndi chala m'mbali mwa galasi, kenaka musalaze ndi mpeni. Ana asaseweretse, ndipo sambani m'manja musanagwire bere.

Galasi likasweka, zulani zidutswa zonse mutakulunga dzanja ndi nsalu yokhuthala, mukaponye m'chimbudzi chokumba. Pa bowolo ikani katoni yodula molingana, yokuta ndi pepala la pulasitiki kuti chiperoni chisainyowetse. Koma ngati chipindacho chili ndi zenera limodzi lokha, musachisandutse phanga. Gwiritsani pulasitiki yoonekera, yopinda pawiri, muikhomere ndi timizere ta nsungwi m'mbali kuti mphepo isaing'ambe pa misomali. Zotsala za pulasitiki musazisiye pamene mwana wokwawa angafikire, chifukwa zikamuphimba kumaso amabanika.

Mazenera a magalasi opingasa aja, otsekera ndi kachitsulo ka m'mbali, satsekeka kwenikweni ngakhale ali atsopano. Amenewo mankhwala ake ndi katani yokhuthala. Bulangete lakale kapena zitenje ziwiri zosokera pamodzi zimagwira ntchito kuposa katani yopyapyala ya m'sitolo. Ikhale yaikulu kuposa zenera, yopitirira m'mbali ndi m'munsi, chifukwa katani yolekeza pa zenera penipeni imangotsetsereza mphepo yozizira pansi pamene pali mwana. Mpweya wotsekeredwa pakati pa galasi ndi katani umakhala ngati chofunda chachiwiri cha nyumba.

Pansi pa chitseko ikani thumba lopinda motalika, lothiramo mchenga wouma, losoka kukamwa. Limatsekanso njira ya mbewa ndi njoka. Thumbalo likhale lochapa bwino, makamaka ngati munali feteleza kapena chimanga chothira mankhwala.

Nanga nsanza za apongozi zija? Nsanza zimathandiza pa usiku umodzi kapena iwiri, ndipo amene muli m'nyumba za lendi, zimene eni ake sakuloleni kumata, mwina ndizo mungathe. Koma zikhale zochapa ndi zouma, ndipo muzizichotsa n'kuziyanika pa dzuwa. Nsanza yonyowa imachita chuku, imasunga mphemvu, ndipo fungo lake ndi loipa kwa mwana wa mphumu.

Mpata wa pakati pa khoma ndi denga nawonso ndi wofunika kuumata m'chipinda chogona. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba n'kuthawira pamenepo, ndipo pothawa umakoka wozizira kuti ulowe pansi pa chitseko ndi m'mazenera. Udzudzu wofalitsa malungo umakondanso kulowera pa mpata womwewo. Koma mverani bwino apa: ngati mumaphika m'nyumba yomweyo, musamate mpatawo musanasamutse mafuwa, chifukwa ndi pamene utsi umatulukira. Nyumba ya malata yopanda siling'i imazizira msanga kuposa ya udzu. Mphasa zakale kapena bango zoyala pansi pa malata, pamwamba pa malo ogona pokha, zimasintha zinthu ndithu.

Kusunga kutentha kwa dzuwa

Nkhuni ndi makala zimadula kwambiri, ndipo moto wowothera m'nyumba ya mipata ambiri umangofunditsa kunja. Mumathira makala, kutentha kumathawira pa denga, mphepo imalowa, mumathiranso. Dothi la pachulu ndi chubu chakale mumazipeza kamodzi, pamene makala mumagula sabata ndi sabata.

Moto waulere ndi dzuwa. Miyezi ya Juni ndi Julaye dzuwa limayenda chakumpoto, choncho mazenera a kumpoto ndiwo amalandira dzuwa lambiri. Atseguleni, kokani makatani, dzuwa liwombe pansi ndi pa makoma. Njerwa ndi dothi zimasunga kutentha n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Chinsinsi chake ndi kutseka msanga, cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa lisanalowe. Ambiri timatseka mazenera titatha kudya nsima ya usiku, pamene kutentha konse kwathawa kale. Malo ogona asunthireni ku khoma la m'kati, kutali ndi zenera, ndipo pansi pa mphasa yalani makatoni kapena mkeka wina kuti kuzizira kwa simenti kusafike kwa mwana.

Malo amene simuyenera kutseka

Tizibowo ta pamwamba pa zenera kapena pa chitseko amisiri sanatiike mwangozi. Tili pamwamba kuti mpweya woipa uzituluka popanda mphepo kuwomba munthu wogona pansi. Tisiyeni totsegula. Ngati mukuopa udzudzu, khomeranipo sefa wa waya. Nyumba imene ilibe tizibowo toterewa, siyani kampata kamodzi pamwamba, mbali imene sikuchokera mphepo, kutali ndi pamene mwana amagona.

Mukadzuka m'mawa n'kupeza magalasi ali madzi okhaokha m'kati, zofunda zili zachinyontho, m'chipinda mukununkha thukuta ndi mkodzo, dziwani kuti mwatseka mopitirira. Tsiku lililonse dzuwa likakwera, tsegulani mazenera onse ndi chitseko, ndipo yanikani zofunda. Izi ndi zofunika koposa ngati m'nyumba muli wina amene akutsokomola. Tizilombo ta chifuwa chachikulu cha TB timayandama mu mpweya wa chipinda chotseka kwa maola angapo, ndipo chimene chimatichotsa ndi mpweya wodutsa ndi dzuwa. Munthu wotsokomola asagone chipinda chimodzi ndi khanda ngati pali pena pogona, ndipo apite kuchipatala kukayezetsa makhololo.

Mbaula isagone m'chipinda

Pa zokambirana zathu, amayi angapo anati iwo amadikira kuti makala agwire bwino panja, utsi uthe, ndipo akatero amalowetsa mbaula popanda vuto. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengekera. Utsi umene mumauona ndi kuununkhiza si umene unafooketsa mayi wa m'sewero uja. Makala ofiira, opanda utsi ngakhale pang'ono, amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, suluma m'maso. M'chipinda chotseka moto umapereweranso mpweya wabwino, ndipo ukaperewera umatulutsa poizoniyu wochulukirapo.

Magazi athu ntchito yake ndi kunyamula mpweya wabwino wa okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi thupi lonse. Poizoni wa makalayu amakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Akakhala pamalopo, okosijeni amasowa pokwera. Munthu amapuma ndithu, koma thupi lake likubanika. Zimayamba ndi mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka kwa miyendo. Kenaka nzeru zimasokonezeka, moti munthu amaona chitseko koma osatha kuchifikira. Wogona tulo samva chilichonse mwa izi, amangopitirira. Khanda limapuma mofulumira kuposa inu, choncho limakoka poizoni wambiri msanga. Kwa mayi woyembekezera, poizoniyu amafika kwa mwana wa m'mimba ndipo amachedwa kuchokamo.

Ndikugwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha kumapiri, usiku wina wa Julaye anatibweretsera mayi ndi ana ake awiri pa ngolo. Onse ankasanza, wamng'ono osayankha. Achibale anali atayamba kale kulozana zala. Ena ankati ndi ndiwo za dzulo, ena ankatchula mayi wina woyandikana naye nyumba. Ine ndinangofunsa ngati m'chipindamo munali mbaula. Anadabwa kuti ndadziwa bwanji. Palibe chodabwitsa: anthu ogona chipinda chimodzi akadzuka onse ndi mutu ndi kusanza, popanda kutentha thupi, ndipo akayamba kupezako bwino atatulutsidwa panja, ganizirani makala musanaganizire munthu. Atatuwo anachira. Si onse amene amafika nthawi ikadalipo.

Mukapeza anthu ali choncho, tsegulani chitseko ndi mazenera nthawi yomweyo, atulutseni onse panja, tulutsaninso mbaulayo. Wokomoka mugonekeni chammbali, ndipo musamuthire mkaka, madzi kapena china chilichonse m'kamwa, angatsamwe. Mkaka suchotsa poizoni ameneyu. Thamangirani nawo kuchipatala ngakhale aoneke ngati atsitsimuka, ndipo mukafika nenani msanga kuti munali mbaula, kuti awapatse okosijeni. Beseni la madzi pafupi ndi mbaula, mchere wothira pa makala, kapena kukwirira makala ndi phulusa, zonsezi siziteteza. Kutsegula zenera pang'ono nakonso si chodalira, chifukwa mphepo ikaleka pakati pa usiku palibe amene ali maso. Mbaula zadothi zosunga nkhuni, monga Chitetezo Mbaula, ndi zabwino pophikira, koma nazonso si zogona nazo.

Wotherani moto panja, pa khonde kapena m'khitchini yopita mpweya, ndipo nthawi yogona ikakwana moto utsale komweko. Muyang'anirenso ana okwawa ndi oyamba kuyenda. Nyengo yozizira ndiyo imene timalandira ana ambiri opsa ndi moto ndi phala. Mwana akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pa balapo kwa mphindi 20, thupi lonse mutalifunditsa, osapakapo mazira, mankhwala otsukira mano kapena dothi, kenaka pitani kuchipatala.

Nanga mwana afunde ndi chiyani?

Afunde ndi inu. Thupi la mayi limakhala pa madigiri pafupifupi 37 usiku wonse, silizima, silitulutsa utsi, ndipo bere lili pomwepo. Mwana wobadwa wochepa thupi muvekeni thewera, chipewa ndi masokosi zokha, mumuike chilili pakati pa mabere, khungu lake likhudzane ndi lanu, mutu utatembenukira kumbali kuti mphuno isatsekeke. Mumangeni ndi chitenje ngati mukubereka kutsogolo, ndipo inu muvale juzi pamwamba. Pogona tsamirani pa mapilo kapena zovala zopinda kuti musagone chafufumimba kapena kumugonera. Njira imeneyi imatchedwa kangaroo. Inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina ofunditsira ana, ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Bambo a mwana ndi agogo angathenso kumunyamula chotere inu mukupuma kapena kusamba. Apongozi a m'sewero aja akadauzidwa zimenezi, chikondi chawo chikadapeza ntchito yoyenera.

Mwana wobadwa wokwanira bwino avale chovala chimodzi kapena ziwiri kuposa zimene mwavala inu, ndi chipewa. Agone chagada, m'neti, nkhope yosaphimba. Munthu woledzera asagone pafupi naye. Musamuikire botolo la madzi otentha kapena njerwa yowotcha, chifukwa khungu lake limapsa msanga ndipo sangathe kudzisuntha. Thewera likanyowa sinthani msanga ngakhale pakati pa usiku. Khanda lisasambitsidwe tsiku loyamba mpaka patapita maola 24, ndipo nyengo yozizira muzilisambitsa masana dzuwa likuwomba, mwachangu, zenera lili lotseka, nsalu yopukutira ili pafupi. Kusambitsa mwana m'bandakucha mwezi wa Julaye kulibe phindu lililonse. Yamwitsani pafupipafupi, usiku womwe, chifukwa mkaka ndiwo nkhuni za thupi lake.

Kuti mudziwe ngati akufunda, khudzani mapazi ndi pamimba ndi kunja kwa dzanja lanu. Zonse zikhale zofunda. Mapazi akazizira pamimba pali pofunda, wayamba kuzizidwa, ndiye muikeni pa chifuwa panu, mumuyamwitse, muonenso pakapita ola limodzi. Akamatuluka thukuta, nkhope itafiira, mwamufunditsa mopitirira, chotsaniko chimodzi.

Pamene muyenera kuthamangira kuchipatala

Musadikire kuti kuche ngati khanda lazizira mapazi ndi pamimba pomwe, likukana bere, likulira mofooka, likungogona osadzuka, kapena likukomoka. Khanda lodwala kwambiri nthawi zina silitentha thupi, limazizira, choncho musanene kuti poti sakutentha ndiye kuti sakudwala.

Mwana wa chifuwa muwerengereni kapumidwe ali phee, kwa mphindi imodzi yathunthu, mukuyang'ana pamimba. Wosakwana miyezi 2 akapuma ka 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndi wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, chingakhale chibayo. M'munsi mwa chifuwa mukamalowa m'kati pamene akukoka mpweya, ndiye musachedwe n'komwe. Chibayo chimachizika mankhwala akayamba msanga. Pa ulendowo khanda likhale pa chifuwa panu, khungu kwa khungu, osati kumsana kumene mphepo ya pa njinga imaliwomba.

Ogasiti akamatha, mphepo ikayamba kufunda, chotsani makatoni, nsanza ndi makatani okhuthala, muchape, musunge. Mwezi wa Okutobala chipinda chotseka kwambiri chimatentha mopweteka mwana. Koma dothi limene munamata pa felemu ndi pansi pa denga musaligumule, ndipo sefa wa pa tizibowo mumuone ngati sanang'ambike, chifukwa mvula ikayamba udzudzu udzafuna kulowera momwe munkalowera mphepo muja. Neti ikhalebe yokunga usiku uliwonse, chisanu kapena dzinja.